Hamish achepe thupi: zolemba za kukhola

21 Seputembala 2024

Sikelo yati 236 kg. Hamish ndi kahatchi ka mtundu wa Shetland, kamphongo kofula, ka zaka 11, ndipo kuchoka pansi kufika paphewa ndi masentimita 101 okha. A dokotala a ziweto akuti pa msinkhu umenewu ayenera kumalemera 200 kg kapena kucheperapo pang'ono. Enawo ndi mafuta okhaokha, pa timiyendo tatifupi chonchi.

Mwini wake ndi agogo amene timachita lendi nyumba yawo kuno ku Scotland, kufupi ndi tauni ya Dumfries. Chichitireni opaleshoni ya chiuno sathanso kulowa m'matope, ndiye tagwirizana kuti ine ndi mwana wanga Tadala tizisamalira Hamish, iwo azilipira udzu ndi dokotala. Zolembazi ndi za tonse atatu, kuti pasadzakhale kukangana za amene anapereka chiyani.

A dokotala anandigwira dzanja n'kuliika m'nthiti mwake kuti ndidzimvere ndekha. Nthiti sizikupezeka ngakhale ukanikize ndi zala zonse. Pamsana pali kangalande moti madzi a mvula amaimapo. Pamwamba pa khosi pali mafuta olimba odzaza dzanja, osagwedezeka, ndipo ena aunjikana kuseri kwa mapewa ndi pa tsinde la mchira. Pa mulingo wa 0 mpaka 5 umene amagwiritsa ntchito kuno, thupi labwino limakhala pa 3 kapena kutsikirapo pang'ono. Hamish amupatsa 4 ndi theka.

Zotsatira za magazi zabweranso: insulin, amene amayang'anira shuga wa m'magazi, ndi wokwera. Matenda a PPID, amene amakonda mahatchi okalamba, alibe. Lake ndi vuto lija amati EMS, thupi lonenepa limene limatulutsa insulin wopitirira muyezo likangolandira shuga, ndipo chimene tikuopa ndi laminitis, matenda a ziboda. M'kati mwa chiboda muli fupa logwiridwa ndi timinofu topyapyala tolukanalukana ndi khoma la chibodacho. Insulin akachuluka m'magazi kwa nthawi, timinofuto timafooka n'kutanuka, fupa limapendekeka kapena kutsika, ndipo zikafika poipa limaboola pansi pa chiboda. Bambo amene amasema ziboda za Hamish anandionetsa mizere yozungulira ziboda zakutsogolo, yothinana kutsogolo koma yotalikirana chakuchidendene. Akuti zimenezi zikusonyeza kuti matendawa anamugwirapo kale mwakachetechete.

Kwathu ng'ombe yonenepa ndi ulemu wa khola, wodutsa amaima n'kuyamikira mwini wake. Abale nditawatumizira chithunzi cha Hamish pa WhatsApp onse anati akudyetsedwa bwino. Kuno maso a anthu ndi omwewo. Timahatchi tambiri m'midzi muno n'tonenepa moti kakapezeka kathupi loyenera anthu amafunsa ngati kakudwala.

28 Seputembala

Masamu a chakudya. Pa tsiku adye 1.5% ya kulemera kwake, kuwerengera chakudya chochotsa madzi, kutanthauza 3.5 kg. Udzu wouma wa m'mabelo umakhalabe ndi kachinyezi, choncho ndikupima 4 kg. Sikelo yake ndi kaja kambedza kamene timayezera zikwama tikamapita kumudzi. Ndimakoleka ukonde wodzaza, n'kuchotsera kulemera kwa ukondewo.

Udzu wa 4 kg ukauunjika pansi ndi wochepa momvetsa chisoni. Atapatsidwa wonse pakamodzi akhoza kuumaliza m'mawa womwewo, pamene mimba ya hatchi siifuna kukhala yopanda kanthu maola ambiri: asidi samaleka kutuluka, amayambitsa zilonda. Ndiye tikugawa panayi. Woyamba ndimapereka ndisanapite kuntchito, wachiwiri amakoleka aneba masana, wachitatu Tadala akaweruka kusukulu, womaliza, wokulirapo, cha m'ma 10 koloko usiku. Maukonde ndi a timaboo tating'ono, awiri ophatikiza, kuti azisolola pang'onopang'ono. Tsiku loyamba anauluma ukondewo, kuugwedeza, kenako kundiyang'ana ine.

Udzu tikuuviika m'madzi usanaperekedwe kuti shuga wina asungunuke. Kupima ndi kwa udzu wouma, usanalowe m'mbiya. Shuga wotuluka amasiyana belo ndi belo, ndiye kuviika pakokha si chitsimikizo. Tatumiza udzu pang'ono kukayezetsa, ndipo tikufuna shuga ndi sitachi pamodzi zisapitirire 10%. Madzi otsala amakhala oderako, a fungo. Sitikuwathira m'ngalande yopita kumtsinje, ndipo Hamish asawayandikire.

Popeza madziwo amatenganso michere ina yofunika m'thupi, kamodzi pa tsiku akulandira kakapu ka balancer, timibulu ta mavitamini ndi mapuloteni tosanenepetsa, ndi kasupuni ka mchere. Thumba la zosakaniza za molasi limene ankadya kale talipereka kwa aneba ena amene ali ndi hatchi yokalamba yowonda.

12 Okutobala

Busa ndiye nkhani yaikulu. M'munda wa agogo kale munkadya ng'ombe za mkaka, monga minda yambiri ya ku Dumfries and Galloway, ndipo udzu wake ndi ryegrass, wobzalidwa dala kuti ng'ombe zizituluka mkaka wambiri. Makolo a Hamish udzu wotere sankaudziwa. Ku zilumba za Shetland, kumpoto kwenikweni kwa Scotland, mitengo ndi yosowa, mphepo siileka, ndipo timahatchi tinkakhala panja chaka chonse tikudya tchire la heather ndi udzu wokhakhala. Chisanu chikafika tinkatsikira kugombe kukadya zomera za m'nyanja. Tinkagwira ntchito yosenza dothi la peat lokolezera moto, ndipo lamulo la 1842 litaletsa akazi ndi ana aang'ono kulowa pansi m'migodi ya malasha, tinagulidwa tambirimbiri kukakoka ngolo m'menemo. Bungwe losunga kaundula wa mtunduwu linayamba mu 1890, ndipo kahatchi kopitirira mainchesi 42, amene ndi masentimita 107, silikalemba.

Thupi lotere linazolowera kusunga chilichonse chimene ladya nyengo yotentha kuti lidzadye nyengo yachisanu. Chaka chilichonse linkanenepa n'kuwonda. Hamish wakhala akunenepa chaka chilichonse popanda kuwonda kuja, chifukwa chisanu chikafika amamuveka bulangete, kumulowetsa m'khola, n'kumuwonjezera chakudya. Zonsezo zinkachitika mwachikondi.

Kumuchepetsera maola a kubusa sikuthandiza kwenikweni. Kahatchi kakazindikira kuti nthawi ya msipu ndi yochepa kamadya mothamanga, ndipo m'maola atatu okha kangathe kumeza pafupifupi 1% ya kulemera kwake. Chimene tachita ndi kumanga tepi yamagetsi m'kati mwa mpanda mozungulira munda wonse, kusiya njira yopapatiza m'mbali. Madzi ali kumapeto kwina, maukonde kwina, pobisalira mvula kwina, kuti chilichonse achiyendere. Pakati pamundapo talowetsa nkhosa za aneba. Ali ndi mnzake m'njiramo, kahatchi ka aneba ka mtundu wa Welsh kamene nakonso kali pa ndondomeko yomweyi, ndipo nthawi ya balancer timawasiyanitsa chifukwa Hamish amalanda.

Tepi yapansi tayiika yofika m'mawondo mwanga. Shetland kawirikawiri amakwawira pansi m'malo modumpha, ndipo ubweya wake wa pakhosi ndi wochindikala moti magetsi sawamva msanga. Pakona yakumwera tapatutsa njira chifukwa cha mtengo wa sycamore. Mbewu zake zamapiko zija zikugwa tsopano, ndipo zili ndi poizoni wowononga minofu amene amapha hatchi.

26 Okutobala

Sikelo yoimapo hatchi imabwera mwa apo ndi apo, ndiye pakatipa ndikugwiritsa ntchito tepi ya telala. Ndimayeza kuzungulira chifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, akangotulutsa mpweya. Nambala imeneyo kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako ndi kutalika kwa thupi kuchoka pa nsonga ya phewa kufika pa nsonga ya thako, n'kugawa ndi 11,877. Poyamba chifuwa chinali masentimita 152, kutalika 120, zimene zikupereka 233 kg, kufupi ndi zimene sikelo inanena. Lero 150. Cholinga ndi kutaya pakati pa 0.5% ndi 1% ya thupi pa sabata, osapitirira.

9 Novembala

Tepi yaima pa 150. Tadala ndiye wapeza chifukwa chake: zitsinde za kaloti m'mbali mwa mpanda wa kunjira. Ku Scotland lamulo limalola anthu kuyenda wapansi m'minda ya eni bola asawononge, ndipo Loweruka ndi Lamlungu mabanja amadutsa pano ndi ana. Kahatchi kakang'ono kaubweya kakasuzumira pampanda palibe amene amapirira. Takhoma chikwangwani chofotokoza kuti akudwala ndipo ali pa chakudya cha dokotala, chifukwa chongoti musadyetse anthu amachiona ngati nkhanza za mwini munda. Tawonjezera tepi ina yamagetsi kuti asafike pampandapo. Chimene ndikuopa kuposa kaloti ndi udzu wotchetcha pakapinga, umene ena amakhuthula m'minda poganiza kuti akuthandiza. Umenewo umasasa msanga, ndipo hatchi ikaumeza wambiri mimba imapotokola.

Wina wodyetsa anali pafupi. Lachinayi ndinakumana ndi agogo pageti, ndodo m'manja, dzanja lina m'thumba la jasi.

"Agogo, m'thumbamo muli chiyani?"

"Palibe, mwananga. Tibisiketi tiwiri tokha."

"A dokotala aja anati chiyani?"

"Ndikudziwa. Koma taona mmene akundiyang'anira."

Sindingawaletse kupereka kanthu kwa nyama imene aisunga zaka zonsezi. Tagwirizana kuti m'mawa uliwonse ndizitapa timibulu pang'ono pa balancer wa tsikulo n'kuwaikira m'kachitini. Apereke timeneto, ndi tizidutswa ta selari akafuna.

30 Novembala

Tepi 148. Tayamba kusakaniza mapesi a barele. Ali ndi mphamvu zochepa kuposa udzu ndipo amatenga nthawi kutafuna, ndiye ukonde ukukhalitsa. Tisanayambe, mano anayang'anidwa n'kupalidwa mwakuthwa, poti hatchi yosatafuna bwino mapesi amaitsekera m'matumbo. Tikuwonjezera dzanja limodzi limodzi mpaka afike gawo limodzi mwa atatu a ukonde. Belo lililonse ndimaligwedeza kaye kuona ngati muli ngala zotsalira za mbewu.

Ntchito ya m'mawa tsopano ndi kuyang'ana ndowe. Zabwino zimakhala timibulu tonyowa, tophwanyika tikagwa pansi. Zikayamba kuchepa, kuuma ndi kulimba, ndiye kuti mapesi achuluka kapena madzi akumwa ochepa. Kukazizira amamwa pang'ono, choncho ndimaswa madzi oundana m'chomwera n'kuthiramo ketulo ya otentha. Akamva ketulo ikubwera amasiya ukonde.

14 Disembala

Mkangano wa bulangete. Bambo a Tadala anadzuka n'kuona chipale chofewa chitaunjikana pamsana pa Hamish.

"Mayi a Tada, nyama ija ifa ndi chisanu. Anthu atiyesa chiyani?"

Ndinawatengera kumundako. Chipalecho sichikusungunuka chifukwa kutentha kwa thupi sikukudutsa ubweya. Shetland nyengo ino amakhala ndi ubweya wa mitundu iwiri, wautali wakunja wotsetsereka madzi, ndi wofewa wothinana wam'kati. Ukalowetsa zala mpaka pakhungu mumakhala mouma, mofunda. Kutsinde kwa makutu ndi kunkhwapa n'kofundanso, ndipo sakunjenjemera. Udzu umene ukugayidwa m'matumbo nawo umatulutsa kutentha. Mafuta amene tikulimbana nawowa ntchito yake ndi imeneyi, ndipo miyezi ino ndi yokhayo imene nyengo ikutithandiza. Kumuveka bulangete pano n'kutaya mwayi wa chaka chonse. Bulangete lakhala m'kabati ya agogo, ngakhale iwonso sanakondwe.

4 Januwale 2025

Sikelo yoimapo inabwera kwa aneba: 222 kg. Yatsika, koma masabata apitawa tepi sikusuntha. Ndinafunsa a dokotala ngati tingachepetse udzu. Akana. Akuti kutsika pansi pa 1.5% amalola pokhapokha iwo akuyang'anira, ndipo kwa Shetland amachita nako mantha. Timahatchi tating'ono ndi abulu, makamaka onenepa, akangosala kudya thupi limatulutsa mafuta ambiri nthawi imodzi kulowa m'magazi, chiwindi n'kulephera. Matendawa amati hyperlipaemia, ndipo amapha msanga. Anandiuza kuti tsiku limene Hamish adzakane chakudya ndiimbe foni nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Udzu tangouwerengeranso pa kulemera kwatsopano, watsika pang'ono kufika 3.8 kg.

Chimene awonjezera ndi ntchito. Ziboda zili bwino, wosema uja akubwera masabata 6 aliwonse, ndiye palibe choletsa. Kuyenda kwa m'njira ya m'munda n'kwaulesi, sikukweza mtima. Tayamba kumuyendetsa ndi zingwe ziwiri zazitali, ine ndili kumbuyo, kukwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi, theka la ola, ndi kuthamanga pang'ono pamalo ofewa. Kulimbitsa thupi kumathandizanso kuti thupi limve insulin ngakhale sikelo isanasinthe. Dzuwa likulowa cha m'ma 4 koloko, choncho m'kati mwa sabata tikuyenda ndi tochi ya pamphumi ndi zovala zowala.

25 Januwale

Dzulo kunali mphepo yamkuntho yotchedwa Éowyn. Timahatchi tonse tiwiri tinatilowetsa m'khola lamiyala, ndipo madzulo itachepa tinatitulutsa titadzutsa timitengo ta tepi timene tinagwa. Magetsi anali atazima mudzi wonse. Hamish sanachedwe kuzindikira kuti tepi siikuluma, ndipo m'mawa uno tamupeza pakati pamunda ndi nkhosa, mimba ili tantha.

Mwayi wake nkhosa zinali zitadya kale udzu wambiri. Laminitis siioneka nthawi yomweyo, imatha kutenga tsiku kapena masiku angapo, ndiye akhala m'khola pa utuchi wochindikala, udzu woviika wokha, osayenda pamsewu. Tagula makina a tepi a batire.

29 Januwale

Palibe chimene chachitika. Wabwerera m'njira.

22 Febuluwale

213 kg. Nthiti zikumveka ukakanikiza pang'ono, kangalande kapamsana katha. Mafuta a pakhosi akadalipo koma afewa, akugwedezeka ukawakankha. Amenewa amachoka pomaliza, mwina sadzatheratu.

5 Epulo

Udzu wayamba kuphuka, ndipo nyengo yake ndi yoipa kwa ife: masana dzuwa lowala, usiku chisanu. Dzuwa likawala udzu umapanga shuga. Usiku kukafunda umagwiritsa ntchito shugayo pokula, ndipo m'mawa amakhala atachepa. Koma kukazizira kufika cha m'ma madigiri 5 kapena kutsika, udzu umaleka kukula ndipo shuga amangounjikana. M'mawa wa chisanu choyera pansi ndi thambo lopanda mtambo ndiye woopsa kwambiri, ngakhale udzu uoneke waufupi wosathandiza. Masiku oterowo Hamish akukhala pabwalo lamiyala ndi ukonde wake.

Masiku ena akuvala kadengu ka pakamwa, kokhala ndi boo limodzi pansi lolowera nsonga za udzu. Kamachepetsa kudya kwambiri, mwina mpaka magawo atatu mwa anayi. Koma kali ndi zovuta zake. Udzu ukafupika kwambiri sulowa pabooyo, ukatalika umapindika, ndipo hatchi imakhumudwa. Sikavalidwa usana ndi usiku wonse, ndipo akangovula sayenera kusiyidwa pamsipu, apo ayi amabweza zonse. Ndinaonetsetsa kaye kuti akutha kumwa madzi atavala. Pansi pa chibwano panayamba kunyuka, tasokererapo kachikopa ka nkhosa. Kuvula amadziwa: amakoletsa lamba pamtengo wa geti n'kubwerera m'mbuyo. Taluka ubweya wa pamphumi mozungulira lamba wa kuseri kwa makutu, ndipo mpaka pano kakugwira.

19 Epulo

Tadala waphunzira kumva mtsempha wa mwendo, ndiye m'mawa ndi madzulo tikusinthana. Umagwada pambali pa mwendo wakutsogolo, n'kutsetsereka zala kuseri kwa mfundo yomaliza pamwamba pa chiboda, chakumbali. Pansi pa ubweya pali timitsempha toterera pansi pa chala. Ukanikize mopepuka, ukalimbitsa umatseka magazi osamva kanthu. Kwa hatchi yabwino kugundako n'kofooka, kovuta kupeza, moti masabata oyamba munthu umakayika ngati uli pamalo pake. Kukamagunda mwamphamvu kosasowa kufunafuna, makamaka miyendo yonse iwiri, pali vuto. Kutentha kwa chiboda n'kosadalirika chifukwa dzuwa nalo limatenthetsa.

Kenako timamuyendetsa pa konkire n'kumukhotetsa mozungulira pamalo ochepa, mbali zonse ziwiri. Ziboda zikayamba kupweteka zimaoneka pokhota, adakayenda bwino molunjika: amafupikitsa mapazi, amaponda ndi chidendene poyamba, amasinthasintha miyendo ataima. Kuima kotsamira m'mbuyo kuja, miyendo yakutsogolo itatambasuka, kumabwera zinthu zitaipa kale.

Lachiwiri Tadala anati mwendo wakumanzere ukugunda kwambiri. Wakumanja unali bwino. Tinapeza kamwala katalowa m'mbali mwa chiboda, tinakachotsa, ndipo pofika Lachinayi kugunda kunali kutabwerera mwakale.

17 Meyi

204 kg, chifuwa masentimita 142. A dokotala amupatsa 3 ndi theka, ndipo magazi atsopano akusonyeza insulin watsika ndithu, ngakhale sanafike pa hatchi imene sinadwalepo. Akuti thupi lake lidzakhala lotero moyo wonse, busa lapakati lisatsegulidwe. Ubweya wachisanu ukuthothoka ndipo thupi lenileni likuoneka. Mayi wina wodutsa anafunsa agogo ngati Hamish wakhala akudwala. Agogo anayankha okha kuti ayi, ndi mmene ayenera kuonekera.

Kuyambira pano mpaka Okutobala cholinga ndi kusakwera, 4 kg yotsalayo idikire chisanu chikubwerachi. Udzu wa m'njira ukukula msanga kuposa mmene awiriwa akudyera, ndiye tapempha nkhosa zilowenso m'njiramo masiku ena, ndipo mbali yonyowa ya kumtsinje tikufuna kuthirapo miyala yaing'ono. Kukatentha udzu woviika umasasa, choncho kuviika kwatsika kufika ola limodzi kapena awiri, pamthunzi, madzi atsopano nthawi iliyonse. Mabelo a chaka chino tauza mlimi kuti tikufuna a udzu wa m'dambo wodulidwa mochedwa, utakhwima, ndipo tiyezetsa tisanagule ambiri. Aneba ali ndi kangolo kakang'ono ka matayala awiri. Wosema ziboda akaona miyendo pa 31 Meyi n'kuvomereza, tiyamba kumuzoloweza zingwe zake. Tepi Loweruka lililonse, sikelo yoimapo kumapeto kwa Julayi.